Ndakatulo zomwe ndikulembera malemu amayi zikungotuluka zaukali, ndisiye kulemba?

Uthenga uwu wachokera kwa mayi wina wa ku Blantyre, ndaufupikitsa pang'ono koma mawu ndi awo:

"Amayi anga anamwalira miyezi 7 yapitayo atadwala impso zaka zitatu. Ine ndi amene ndimawadwazika, kupita nawo ku dayalisisi, kuwasambitsa, chilichonse. Chiikireni maliro tulo sindikupeza bwino nde ndimangotenga foni usiku nkumalemba tindakatulo. Vuto ndi loti zomwe zikutuluka sizabwino. Ndikulemba za mmene ankandipemphera madzi ine nkumawamana poti adokotala analetsa, za fungo la kuchipinda, za abale omwe sankabwera kudzazonda koma pamaliro anali patsogolo kulira. Choopsa kwambiri ndinalemba kuti tsiku lomwe anamwalira ndinagona tulo tabwino koyamba. Ndinaika imodzi pa Facebook achimwene anga anandiimbira kuti ndikuchititsa manyazi banja ndichotse. Inenso chaka chatha anandipeza ndi shuga nde ndikaganiza ndimaona ngati ndikulowera komweko. Kodi ndisiye kulemba? Alipo olemba ena omwe analembapo zoterezi kapena mutu wanga ndi umene sukuyenda bwino?"

Pepani kwambiri achemwali ndi imfa ya mayi athu. Ndiyambe ndi funso lomalizalo poti ndi limene likukusowetsani mtendere, mutu wanu uli bwinobwino. Ndakhala zaka zambiri ndikuphunzitsa zolembalemba komanso kukhala pansi ndi timagulu ta anamfedwa ndi magadiyani omwe amafuna kulemba zomwe anadutsamo, ndipo zimene mwatchulazi, madzi, fungo, abale, tulo, zimatuluka pafupifupi pagulu lililonse, kungoti anthu amazinena motsitsa mawu ndipo ena amadikira anzawo atuluke kaye. Ine si dokotala, nde pomwe pakufunika achipatala ndikuuzani mosabisa.

Maliro athu ali ndi malo a chilichonse. Adzukulu ali ndi ntchito yawo, amayi kusiwa, kwaya, olemba chipepeso, oika nkhata, abusa, amfumu. Maliro nkulirana, ndipo mwambowu ndimaulemekeza chifukwa umanyamula munthu masiku omwe sangathe kuima yekha. Koma tamverani mmene mbiri ya malemu imawerengedwera. Anabadwa chaka chakuti, anakwatiwa chaka chakuti, asiya ana angati zidzukulu zingati, kenako kamzere kamodzi koti anamwalira atadwala nthawi yaitali, basi apitirira. Zaka zanu zitatu zonse zija zathera pamenepo. Palibe amaimirira kumanda kunena kuti mwana uyu amadzuka kusanache kukagwira minibasi yopita kuchipatala, amakhala pabenchi maola anayi kudikira makina a dayalisisi, osefa magazi m'malo mwa impso, amalize, amachapa zofunda usiku kuti alendo asamve fungo. Zimenezo zimatsalira mwa munthu mmodzi yekha amene anaziona, nde anthu akabalalika, tenti achotsa, mafoni asiya kulira, zimayamba kufuna potulukira. Sizodabwitsa kuti ndakatulo zanu sizikutuluka zoyamikira, zoyamikirazo zinanenedwa kale pamaliro. Zomwe sizinanenedwe ndi zimene zikukudzutsani.

Ya madziyo ndiifotokoze pang'ono chifukwa magadiyani ambiri a odwala impso imawadya mumtima zaka. Impso zikasiya ntchito mkodzo umachepa, pena kusiyiratu, nde madzi omwe munthu wamwa amangokhala m'thupi kudikira tsiku la makina. Miyendo imatupa, BP imakwera, akachuluka amakafika m'mapapo munthu nkumabanika. Ndichifukwa chake achipatala amaika muyeso wa madzi, amaletsa mchere wambiri poti umawonjezera ludzu, amaletsanso zinthu ngati nthochi chifukwa potaziyamu akachuluka m'magazi amasokoneza kagundidwe ka mtima. Mukanawapatsa mmene ankafunira bwenzi mukuthamanga nawo kuchipatala pakati pa usiku akulephera kupuma. Ndikudziwa kuti kudziwa zimenezi sikuchotsa mawu awo aja m'makutu mwanu. Munachita zoyenera ndipo zinali zowawa, zonse ziwiri ndi zoona, ndipo ndakatulo ndi malo amodzi omwe mungaike zonse ziwiri osafufuta chimodzi.

Za tulo tija. Mu 2003 magazini ya zachipatala ya New England Journal of Medicine inatulutsa kafukufuku wa ku America wa anthu omwe ankadwazika abale awo odwala matenda oiwalaiwala a ukalamba, ndipo oposa 70 mwa 100 alionse anavomera kuti imfa itabwera anamva kupepukidwa. Anthu omwewo anali oti asamalira odwala awo usana ndi usiku. Thupi lomwe lakhala zaka zitatu likugona khutu limodzi lili tcheru kumvetsera ngati wodwala akuitana, tsiku lomwe ladziwa kuti palibenso oitana limangogwa. Simunasangalale kuti amayi amwalira achemwali, munatopa, ndipo mwina mbali ina ya mtima wanu inapumula poona kuti iwo sakumvanso ululu.

Tsono olemba alipo, ambiri ndithu, ndipo zaka zaposachedwazi mabuku otere achuluka. Ndikadakhala nanu pafupi ndikanayamba kukubwerekani kabuku ka Chimamanda Ngozi Adichie wa ku Nigeria kotchedwa Notes on Grief ka mu 2021, nkakang'ono koti mutha kumaliza tsiku limodzi. Bambo ake, pulofesa James Nwoye Adichie, anamwalira mu June 2020 ndi vuto la impso lomweli ali ndi zaka 88, iye ali ku America, mabwalo a ndege a ku Nigeria atatsekedwa chifukwa cha Covid, banja likungoonana pa Zoom ndipo maliro anachedwa kuikidwa miyezi. Chomwe ndikufuna mukaone mmenemo ndi mkwiyo wake. Amakwiya ndi anthu opepesa, omwe amamuuza kuti bambo akupumula, kuti anali okalamba kale, mpaka amakumbukira mawu omwe iyeyo ankauza anzake oferedwa kale nkumva chisoni kuti anali mawu opanda kanthu. Ndi mayi wodziwika dziko lonse, wochokera kubanja lachikatolika lolemekezeka, koma sanaope kulemba kuti chisoni chinamusandutsa munthu waukali.

Joan Didion wa ku America analemba The Year of Magical Thinking mu 2005 mwamuna wake John Gregory Dunne atagwa nkumwalira ndi matenda a mtima patebulo la chakudya kumapeto kwa 2003, mwana wawo ali chikomokere kuchipatala. Muli malo omwe amafotokoza kuti anatha kugawa zovala za mwamuna wake koma nsapato analephera, chifukwa mumtima ankaganiza kuti akabwera adzavala chani. Ndimalitchula bukuli kwa aliyense amene akuganiza kuti wayamba misala.

Koma lomwe ndikuganiza kuti lingakuthandizeni pa kalembedwe ndi la ndakatulo la Victoria Chang, mlakatuli wa ku America yemwe makolo ake anachokera ku Taiwan, lotchedwa Obit la mu 2020. Mayi ake anadwala mapapo nthawi yaitali mpaka kumwalira mu 2015, bambo ake anali atachita kale sitiroko yomwe inawasokoneza kalankhulidwe. Iye anatenga kalembedwe ka zidziwitso za maliro za m'nyuzipepala, timizere topapatiza tija, nkuyamba kulengeza imfa ya chinthu chimodzichimodzi chomwe chinafa m'zaka za matendazo. Muli chidziwitso cha imfa ya mano a mayi ake, cha mbali ya ubongo wa bambo ake, cha chilankhulo, mpaka cha iye mwini, ndipo ena amafa kangapo m'bukumo. Amene anadwazikapo matenda a mgonagona amamvetsa msanga, munthu samwalira tsiku limodzi, lero wasiya kupita kumsika, mwezi wamawa wasiya kuphika, kenako wasiya kupita yekha kubafa, ndipo palibe amabwera kudzapepesa pa imfa zing'onozing'onozo.

Ife tili ndi kalembedwe kathu kofanana nako, mauthenga achisoni a pawailesi aja, tonse timawadziwa pamtima. Ndimawauza anthu m'magulu anga kuti tengani kalembedwe kameneko mulengeze zina. Mwachitsanzo mutha kuyamba kuti tikudziwitsa abale onse kuti kapu yoyezera madzi yasiya ntchito, inatumikira zaka zitatu pawindo la kuchipinda, yasiya mwana mmodzi amene sakudziwa kuti aitaye kapena aisunge. Lembaninso cha kabuku ka kuchipatala kodzadza kaja, cha alamu ya m'bandakucha, cha mpando wawo wa pakhonde. Ubwino wake ndi woti kalembedweko kali ndi malire, kamayamba nkutha, nde simumira. Munthu ukangolemba mopanda mpanda usiku umatha kupitirira mpaka tambala kulira.

Marie Howe naye analemba What the Living Do mu 1997 mchimwene wake John atamwalira ndi Edzi mu 1989, ndipo ndakatulo yotchuka ya m'bukumo imayamba ndi kumuuza malemuyo kuti sinki ya kukhitchini yatsekeka, mbale zaunjikana. Yayambira pa sinki basi, koma owerenga amalira.

Apa ndi pomwe alakatuli athu ambiri ongoyamba kumene amaphonya, ndipo inu mwadutsapo kale osadziwa. Bambo wina pagulu lina anabwera ndi ndakatulo ya mkazi wake yonena kuti imfa ndiwe wankhanza, wathyola duwa lathu, nyenyezi yathu yazima. Anthu anawomba m'manja koma ndakatuloyo ikanatha kuwerengedwa pamaliro a munthu wina aliyense. Ndinangowafunsa kuti kodi m'chikwama chomwe munabwera nacho kuchokera kuwodi munali chani. Anakhala chete kanthawi kenako anayamba kutchula, zitenje ziwiri, fulasiki ya phala lomwe sanamwe, sopo, chipeso, ndi kabotolo ka mafuta onunkhira komwe mkazi wawo anawatuma Lachitatu kuti akagule poti alendo akutchalitchi amabwera Lamlungu. Kanali kosatsegula. Anailemba imeneyo mmene anainenera, opanda duwa opanda nyenyezi, ndipo atawerenga palibe anawomba m'manja, mayi wina anangotuluka panja. Inuyo mukulemba za madzi ndi fungo, nde musalole wina akuuzeni kuti imeneyo si ndakatulo.

Ndipo musaganize kuti kulira mwaukali ndi zachizungu. Tamverani amayi akamabuma kusiwa, salankhula mwaulemu ayi. Amamufunsa malemuyo kuti mwandisiya ndi yani, ana awa mwasiyira ndani, bwanji osanditenga ine, pena amaponya mawu kwa abale omwe ali pompo aliyense akumva. Kofi Awoonor wa ku Ghana, amene anaphedwa pa chiwembu cha ku Westgate ku Nairobi mu 2013, ndakatulo zake zachisoni anazimanga pa nyimbo za maliro za mtundu wa Ewe, ndipo agogo ake aakazi anali woimba nyimbo zotere. Zathu zakusiwa nazo ndi ndakatulo, kungoti timazilola masiku awiri atatu kenako timati limbani mtima, zatha. Inu nthawi ya maliro mwina munali otanganidwa ndi kulandira alendo ndi kuwerengera ndalama ya bokosi, nde kubuma kwanu kukutuluka pano.

Tibwere kwa achimwene. Apa ndikuuzani zomwe mwina simukonda, ine ndikanakhala inu ndikanaichotsa pa Facebook ndakatuloyo, osati chifukwa ndi yolakwika koma chifukwa nthawi yake sinakwane. Kutchula matenda poyera si tchimo. Kenneth Kaunda mu 1987 anauza dziko kuti mwana wake anamwalira ndi Edzi, Nelson Mandela anachita chimodzimodzi mu 2005, nthawi yomwe mabanja ambiri ankangoti wadwala nthawi yaitali, ndipo kulankhula kwawo kunathandiza anthu. Kuno kwathu malemu Steve Chimombo anachita kulemba buku lonse lofufuza mmene oimba ndi olemba athu anayankhulira za mliri umenewu. Nde manyazi pa matenda a impso palibepo. Koma m'ndakatulo zanu muli zinthu zitatu zosiyana zomwe zasakanikirana. Muli kutopa kwanu ndi mkwiyo wanu, zimenezo nzanu, palibe angakuletseni. Muli thupi la amayi, fungo, kusambitsidwa, zomwe iwo analola inu nokha kuona, nde dzifunseni ngati akanalola kuti azimayi anzawo a kumpingo aziwerenge pafoni. Ndiye muli kuloza chala abale, ndipo olo simunatchule dzina aliyense m'banjamo akudziwa kuti mukunena ndani.

Achimwene anuwo nawonso aferedwa mayi. Sindikuwadziwa, koma kawirikawiri amene amakwiya kwambiri ndi zolemba zotere ndi amene mumtima akudziwa kuti sanapezeke mokwanira, ndipo ndakatulo yanu yawaika pagalasi pamaso pa anthu. Komanso chinthu chikapita pa Facebook sichibwerera, wina wajambula kale nkutumiza pagulupu ya banja ya WhatsApp, ndipo makomenti ambiri akhala a RIP ndi limbani mtima, mawu omwewo amene akukupwetekani. Palinso vuto lina lomwe ndaliona kwa olemba achinyamata, ndakatulo yachisoni ikalandira malaiki ambiri munthu amayamba kulembera malaikiwo, nkumakokera chisoni chake komwe anthu akuwombera m'manja. Olemba mabuku ndatchulawa anali ndi akonzi, anali ndi nthawi yowerenganso. Lembani zonse osabisa kanthu m'kope mwanu, koma zotulutsa poyera zidikire, mwina mpaka mutamanga chiliza, mudzaziwerenge ndi maso ena. Zina mudzazitulutsa mmene zilili, zina mudzasintha, zina mudzaona kuti zinali zanu nokha. Ndipo mukaona kuti zingatheke, tsiku lina muwawerengere achimwenewo imodzi muli awiri, osati yowadzudzula, yongofotokoza tsiku limodzi la dayalisisi kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Pena abale sadziwa nkomwe zomwe gadiyani amadutsamo chifukwa gadiyaniyo akafunsidwa amangoti tilipo.

Za shuga wanu ndi mantha oti mukulowera komweko, apanso olemba alipo. Susan Sontag analemba Illness as Metaphor mu 1978 iye mwini akulandira chithandizo cha khansa ya m'mawere, ndipo mfundo yake inali yoti nthano zomwe timakuta nazo matenda zimawonjezera mavuto a wodwala, kumati khansa imagwira anthu osunga zinthu mumtima, kumati wodwala ali pankhondo ndiye akamwalira wagonja. Kwathu kuno nthanozo tili nazo zathu, wina akuti walodzedwa, wina akuti chikhulupiriro chake chachepa, wina akuti shuga ndi matenda a anthu olemera. Audre Lorde mu The Cancer Journals ya mu 1980 analemba za kuchotsedwa bere ndi kukana kuvala bere lochita kupanga, mpaka nesi wina anamuuza kuti akufooketsa odwala anzake pobwera chomwecho kukiliniki. Anne Boyer mu The Undying ya mu 2019, yomwe inapata mphotho ya Pulitzer mu 2020, analemba za ndalama ndi ntchito, mayi wolera yekha mwana amene anatulutsidwa m'chipatala tsiku lomwelo la opaleshoni nkubwerera kuntchito asanachire. Imeneyo ndimaikonda chifukwa mabuku ambiri a matenda amaiwala kuti kudwala kumadya ndalama, pomwe inu mukudziwa mtengo wa minibasi kawiri kapena katatu pa sabata kwa zaka zitatu.

Mantha anu ali ndi maziko, shuga ndi BP ndi zomwe zimawononga impso za anthu ambiri, koma zimatenga zaka ndipo zikagwiridwa msanga zimachedwetsedwa kapena kupewedwa. Nde mantha amenewo muwatengere kukiliniki ya shuga. Auzeni kuti amayi anamwalira ndi impso, pemphani kuti akuyezeni mkodzo ndi magazi kuona mmene impso zikugwirira ntchito, ndipo muziyezetsa chaka ndi chaka limodzi ndi BP. Mankhwala opha ululu ngati bulufeni ndi dayikolofenaki musamangogula nkumamwa pafupipafupi osafunsa, amalemetsa impso. Kusagona ndi kudya modumphadumpha nakonso kumasokoneza shuga, nde nkhani ya tulo si yamumtima yokha.

Kodi kulemba kumachiritsa? Ndisakunamizeni. Mu 1986 katswiri wa zamaganizo James Pennebaker ndi mnzake Sandra Beall ku Texas anauza ophunzira a pakoleji kuti azilemba za zowawa zomwe zinawachitikira kwa mphindi 15 masiku anayi otsatizana. Atangomaliza kulemba ambiri ankamva kuwawa kuposa poyamba, koma miyezi yotsatira omwe analemba zochitika pamodzi ndi mmene ankamvera anapita kuchipatala mocheperapo. Kafukufuku ameneyu amatchulidwa kwambiri, koma ena atayesa pa anamfedwa enieni sanapeze kuti kulemba kumachepetsa chisoni kwa aliyense. Zomwe ine ndaona ndi zoti kulemba kumathandiza pomwe nkhani ikusuntha, lero mwalemba za madzi, sabata yamawa mwakumbukira mmene ankasekera, kenako mwalemba za nthawi yomwe anali bwino akukumenyani chifukwa chothyola mbale. Kumavulaza pomwe usiku uliwonse mukubwerera pa mphindi imodzimodzi ndi mawu omwewo, kungozungulira ngati mbuzi ya pachingwe, nkumadzuka mutatheratu. Tawerengani zomwe mwalemba kuyambira mwezi woyamba mpaka pano muone ngati zikusuntha.

Chomwe ndingakupempheni kusintha ndi nthawi yake. Kulemba pafoni pakati pa usiku muli pabedi kukuphunzitsa thupi kuti bedi ndi malo olirira, komanso foni ili ndi zithunzi zawo ndi mavoisi awo pompo. Gulani kope wamba, sankhani nthawi masana kapena madzulo kusanade, mphindi 20 zakwana, mukamaliza tsekani nkudzuka kukachita china chogwira ndi manja, kuphika, kuthirira, kuyenda pang'ono. Ganizo likabwera usiku lembani kamzere kamodzi nkulisiyira mawa. Akatswiri awiri a ku Netherlands, Margaret Stroebe ndi Henk Schut, anafotokoza mu 1999 kuti munthu woferedwa amayenda uku ndi uku, pena ali pa chisoni, pena ali pa zamoyo watsiku ndi tsiku, ndipo kupuma pa chisoni ndi mbali ya kulira komweko. Nde tsiku lomwe mwaseka kapena simunalembe musadziimbe mlandu. Za masitepe asanu a chisoni zomwe anthu amatumizirana zija musavutike nazo, Elisabeth Kübler-Ross anazilemba mu 1969 kuchokera pocheza ndi odwala omwe anali pafupi kumwalira, sanapange ndandanda yoti namfedwa aliyense azitsatira.

Pali malire omwe kope sangakuthandizeni. Miyezi 7 chisoni chikadali chachiwisi ndipo palibe chachilendo kuti mukulirabe, koma kusagona kwa miyezi yonseyi kokha ndi chifukwa chokwanira choti mukaonane ndi achipatala, makamaka poti muli ndi shuga. Bungwe la WHO, loona zaumoyo padziko lonse, limazindikira chisoni chokhalitsa ngati vuto lofunika chithandizo pomwe chapitirira miyezi 6 chili champhamvu tsiku ndi tsiku mpaka kulepheretsa munthu ntchito ndi kukhala ndi anthu, kuposa mmene chikhalidwe chake chimayembekezera, ndipo madokotala a ku America amawerengera chaka. Manambalawo musawagwire kwambiri, yang'anani moyo wanu. Ngati mukulephera kupita kuntchito kapena kusamalira ana, chakudya sichikulowa, mwaonda, mukuthawa anthu, mukudutsa njira yaitali kuti musaone chipatala, zithunzi za masiku omaliza zikumakubwererani masana ngati zikuchitika pompo, mwayamba kudalira mowa kapena mapilitsi kuti mugone, kapena mwasiya kumwa mankhwala anu a shuga poganiza kuti nanga phindu lake nchani, pitani. Yambirani kukiliniki komwe mumapita kale muwauze mmene mwandiuzira ine, iwo akhoza kukutumizani kwa a zamaganizo. Ku Blantyre komweko ku Queen Elizabeth kuli madokotala a zamaganizo, kuli Zomba Mental Hospital, ndipo a St John of God ali ku Mzuzu ndi ku Lilongwe ndipo ali ndi makaunsela. Kupita kumeneko sikutanthauza misala, dipuleshoni imabisala mkati mwa chisoni ndipo imachizika. Abusa kapena amayi a kumpingo omwe amadziwa kumvetsera osathamangira kulalikira nawonso ndi ofunika, koma asalowe m'malo mwa chipatala.

Ndipo ngati ganizo lofuna kuwatsatira amayi kapena kudzivulaza labwerapo olo kamodzi, olo mwangolilemba m'ndakatulo, limenelo musagone nalo. Uzani munthu amene mumamukhulupirira tsiku lomwelo, akuperekezeni kuchipatala, ndipo mankhwala a m'nyumba, kuphatikizapo omwe amayi anasiya, awasunge wina.

Mabuku ndatchulawa ndi ovuta kuwapeza m'mashopu athu, ndikudziwa. Nkhani ya Adichie inayamba kutuluka m'magazini ya The New Yorker mu 2020 isanakhale buku, ndipo ndakatulo zingapo za Marie Howe ndi Victoria Chang zimapezeka pa intaneti mukasaka ndi maina awo, nde ndi bandulo yochepa mutha kuyambapo. Ngati muli ndi m'bale ku Johannesburg kapena ku UK mutumeni la Adichie ndi la Chang. Werengani pang'onopang'ono, likakulemerani lisiyeni, ena amapeza kuti chaka choyamba sangathe kuwerenga za imfa nkomwe ndipo palibe cholakwika.

Onsewa ali m'Chingerezi, ndipo ine zolemba zotere za gadiyani m'Chichewa sindikumana nazo kawirikawiri, pomwe mawodi athu adzadza ndi amayi ogona pansi pa bedi la wodwala. Nde musasiye, ndipo lembani m'Chichewa chomwe munkalankhula ndi amayi, mawu awo muwalembe mmene ankawatchulira olo akhale osakaniza ndi Chiyao kapena Chilomwe, musawakonze kuti amveke a m'buku. Chilichonse mwalemba muziika deti pamwamba, mudzalifuna mukamadzawerenganso. Zomwe zili m'foni zija zikopereni m'kope sabata ino kapena zitumizeni ku imelo yanu, chifukwa foni imabedwa mu minibasi kapena kungofa, ndipo ndaona anthu akulira kachiwiri atataya zolemba za chaka chathunthu.